Dzanzi m'dzanja chifukwa choluka tsitsi: ndipume kapena ndiyambe jimu?

Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimaluka tsitsi ku Limbe, ndipo nyengo ya maukwati ino ndimayamba m'mamawa mpaka mdima. Tsopano dzanja lamanja layamba kuchita dzanzi, chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, koma kachala kakumapeto kali bwinobwino. Usiku limandidzutsa, mpaka ndilikutumule ndiye tulo tibwere. Chipeso chimangondipulumuka kasitomala akuona. Achimwene anga akuti minofu yafooka, ndiyambe kuthamanga ndi kunyamula zitsulo. Zoona zimenezi?

Bambo wa ku Ndirande: Pitani ku jimu mayi, thukuta ndi mankhwala.

Wophunzira za physiotherapy: Achemwali, zala mwatchulazo zimamva kudzera mu mtsempha umodzi, median nerve, umene umadutsa pakampata kopanikizika polumikizira dzanja ndi mkono. Ukafinyika pamenepo ndiye matenda aja amati carpal tunnel syndrome. Za jimuzo musathamangire. Ku Temple University, mumzinda wa Philadelphia, gulu la Mary Barbe limaphunzitsa makoswe kukoka kachitsulo mobwerezabwereza kuti apeze chakudya, maola 2 patsiku, masiku 3 pasabata. Pa kafukufuku amene anatulutsa mu 2020, ena mwa makoswewo ankawathamangitsanso pa makina othamangirapo otchedwa treadmill ntchito yokokayo ikupitirira. Zizindikiro za kutupa m'magazi zinatsika ndithu, koma ululu wa miyendo yakutsogolo unakula, mtsempha uja osapeza bwino. Paja khoswe amathamangira miyendo yomweyo imene wakhala akukokera, ndiye siinapume. Inu kuyenda ndawala sikungakupwetekeni dzanja, yendani. Koma zitsulo ayi, zidikire kaye.

Mayi wa ku Chilomoni: Ine zinandigwira ndili woyembekezera, nditachira zinatha zokha. Kayezetseninso shuga, nayenso amabweretsa dzanzi. Ku Queens kuli a physiotherapy, kafunseni za chomangira dzanja usiku kuti lisamapindike mukagona. Musadikire kuti mnofu wa patsinde pa chala chachikulu uyambe kuphwa, pamenepo nkhani imafika ku opaleshoni.

Mwini funso: Zikomo nonse. Vuto ndi kupumako, lendi ya saluni siyimva za mtsempha. Ndikachepetsa mitu n'kumapumira pakati, zingathandize, kapena ndisiyiretu kaye? Nanga chomangiracho ndingamaluke nditavala masana?