Aluto anga akuthawa noti yawo m'nyimbo ya Eric Whitacre, ndiwathandize bwanji?

Nachisale wa ku Chilenje:
Moni nonse. Ndimaphunzitsa kwaya ya mpingo kuno ku Chilenje, ndipo tikukonzekera kudzaimba Lux Aurumque, nyimbo ya Chilatini ya Eric Whitacre, wopeka nyimbo wa ku America, pa Khrisimasi. Vuto lili pa aluto. Whitacre amakonda kusanjikiza manoti oyandikana, monga doh ndi ray, n'kuwasiya alire pamodzi kwa nthawi yaitali. Aluto akangomva mawu awo akukhulana ndi a sopulano amayesa alakwitsa, basi amatsetserekera ku noti ya anzawo. Mayi wina amachita kutseka khutu ndi chala. Komatu kukoma kwa nyimboyi kuli pa kukhulana komweko, ndipo sindikufuna kuisalaza kuti ikhale yophweka. Amene munaiphunzitsapo, munatani?

Tena Wakale, Matero:
Amayi, musawadzudzule aluto. Makutu athu analeredwa ndi nyimbo za m'buku, zimene mawu onse anayi amagwirizana bwino, ndiye khutu likamva zachilendo limafuna kukonza. Yambani popanda mawu a Chilatiniwo. Sopulano aime pakhomo agwire ray pa "uu", aluto aime kuguwa agwire doh, ndipo aziyenda pang'onopang'ono mpaka akumane pakati. Akayandikana adzamva mawu akunjenjemera m'mwamba. Auzeni kuti kunjenjemerako ndiye chizindikiro chakuti akhoza. Asamakweze mawu, ndipo asamawagwedeze ngati aja a pa maliro, chifukwa manotiwo akagwedezeka zonse zimasanduka phala. Kupuma azisinthana, wina apa wina apo.

Muwauzenso mbiri ya mwini nyimboyo. Anabadwa mu 1970 ku Reno, Nevada, ndipo analowa yunivesite ku Las Vegas asakudziwa kuwerenga manoti. Maso anali pa kutchuka ndi nyimbo za rock. Chimene chinamutembenuza ndi kuimba Requiem ya Mozart m'kwaya, kenako anakaphunzira ku Juilliard, sukulu ya nyimbo ya ku New York, kwa wopeka nyimbo John Corigliano. Ifenso a sol-fa tisadziderere.

Mabvuto wa Besi, Kabwata:
Zoona abambo, koma ine nkhawa yanga ndi chiwerengero. Nyimboyi imagawa gulu lililonse pawiri, mwinanso kuposa. Amayi, muli ndi aluto angati? Akakhala anayi, ndiye kuti awiri okha ndi amene akunyamula noti yovutayo. Jambulani mbali ya aliyense pa foni, mutumize pa WhatsApp, aziimvera ali m'minibasi. Nyimbo yomweyi ndi imene inaimbidwa pa Virtual Choir ya 2010, pomwe anthu 185 a m'maiko 12 anadzijambula aliyense kwawo. Inatheka munthu ali yekha m'chipinda, bwanji pa kwaya yokumana sabata iliyonse?

China, gulani mapepala ake enieni m'malo mochita fotokope. Whitacre nayenso za umwini wa zolemba zinamuonekera: nyimbo yake ina, Sleep, anayamba waiika pa ndakatulo ya Robert Frost, oyang'anira zolemba za Frost anakaniza, mpaka mlakatuli Charles Anthony Silvestri analemba mawu atsopano.

Nachisale wa ku Chilenje:
Zikomo abambo a ku Matero, zoyenda kuchokera pakhomo tiziyesa Loweruka. Achimwene a ku Kabwata, aluto alipo asanu ndi mmodzi, ndipo ndibwereka masopulano awiri a mawu okhuthala awonjezere mphamvu. Mapepala tinagula kale. Chatsala ndi denga lathu la malata, chifukwa Disembala ndi mvula ndipo nyimboyi imaimbidwa chapansipansi kwambiri. Alipo akudziwa holo ya siling'i kufupi ndi Chilenje kapena Kabwata yomwe tingapemphe?