Khungu lopweteka likakhudzidwa ndi kukodza pafupipafupi: kodi zonsezi ndi fibromyalgia?

Nachisale, Rosettenville

Moni nonse abale ndi alongo a kuno ku Joni. Ndine mayi wa zaka za m'ma 40, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Adokotala atandiyeza magazi n'kupeza kuti si nyamakazi, anandiuza kuti kuphwanya kwa thupi ndi kutopa kumene ndakhala nako kwa nthawi yaitali ndi matenda otchedwa fibromyalgia. Kuphwanyako ndayamba kukuzolowera, koma pali zinthu ziwiri zimene zikundisowetsa mtendere.

Choyamba ndi khungu. Pamapewa, m'chiuno ndi m'ntchafu pamapweteka mowotcha ndikangokhudzidwa pang'ono, pamene palibe chotupa, zidzolo kapena bala. Lasitiki wa siketi, msoko wa bulauzi, ngakhale bulangeti usiku, zonsezi zimandilasa. M'takisi yodzaza, munthu akanditsamira paphewa, misozi imalengeza. Chimene chimandiwawa mumtima koposa n'chakuti mwana wanga akafuna kundikumbatira ndimadzidzimuka n'kumukankha, ndipo iye amaganiza kuti wandilakwira.

Chachiwiri ndi kukodza pafupipafupi. Ndimamva kuti chikhodzodzo chadzaza, koma ndikapita kuchimbudzi mkodzo umatuluka wochepa kwambiri, ndipo usiku ndimadzuka kangapo. Kukiliniki anayeza mkodzo ndipo anati mulibe matenda. Panopa ndachepetsa kumwa madzi kuti ndisamavutike panjira ndi kuntchito, ndipo ululu ukakula ndimamwa Grand-Pa. Kodi zinthu ziwirizi n'zogwirizana ndi fibromyalgia, kapena ndi matenda ena? Nanga inu amene mukudwala ngati ine mumatani?

Mayi a Chikondi, Berea

Pepani kwambiri achemwali. Ine ndinaphunzira unamwino kumudzi ndipo kuno ndimasamalira okalamba, choncho ndiyankhe zimene ndikudziwa, ngakhale kuti mawu omaliza ndi a adokotala amene akukuonani.

Zimene mukumva pakhungu ndi zenizeni, ndipo madokotala amazitcha allodynia, kutanthauza ululu wobwera ndi chinthu chimene mwachibadwa sichipweteka. Pa fibromyalgia vuto silikhala pakhungu penipenipo, n'chifukwa chake simuona chotupa. Limakhala m'mitsempha, m'msana ndi mu ubongo, zimene zimakulitsa uthenga uliwonse wochokera m'thupi, ngati wailesi imene yakwezedwa mpaka kumapeto moti kakunong'ona kamamveka ngati kukuwa. Chikhodzodzo nacho chili ndi mitsempha yake yotumiza uthenga, ndiye chikakhala ndi mkodzo wochepa chabe ubongo umamva ngati chadzaza. Anthu ambiri a fibromyalgia amakhalanso ndi vuto la chikhodzodzo chopweteka, lotchedwa interstitial cystitis, kapena la m'mimba mopotokola ndi motupa popanda chifukwa chooneka. Choncho inde, n'zotheka ndithu kuti zonse ziwiri zikuchokera ku gwero limodzi.

Koma pali zinthu ziwiri zimene mukuchita zomwe ndikukupemphani kuti muziganizirenso. Kuchepetsa madzi kumaoneka kwanzeru, koma mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri umawawitsa chikhodzodzo, ndipo chilakolako chopita kuchimbudzi chimangowonjezeka. Kumabweretsanso kudzimbidwa, kumene kumapanikiza chikhodzodzocho. Muzimwa madzi pang'onopang'ono masana onse, n'kusiya pakatsala maola awiri kapena atatu kuti mugone.

China ndi Grand-Pa. Mu ufa umenewu muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Caffeine amachulukitsa mkodzo, amatakasa chikhodzodzo ndiponso amasokoneza tulo, pamene kusagona bwino ndi kumene kumakulitsa ululu wa fibromyalgia tsiku lotsatira. Aspirin naye, akamamwedwa masiku onse, angathe kuwononga m'mimba ndi impso, ndipo pa ululu wa mitsempha sathandiza kwenikweni. Caffeine yemweyo ali mu tiyi wamasamba, khofi ndi zakumwa za kola. Mwayi wathu kuno ndi wakuti rooibos alibe caffeine ndipo amapezeka m'sitolo iliyonse.

Bambo a ku Monkey Bay, Mayfair

Mlongo wanga, zimene anena Mayi a Chikondi ndikugwirizana nazo, koma ndili ndi nkhawa imodzi. Munthu akangopatsidwa dzina la matenda a mgonagona, chilichonse chimene chabwera pambuyo pake amachikankhira ku dzina lomwelo, ndipo matenda ochizika amatsala osaonedwa. Musavomere msanga kuti zonse ndi fibromyalgia musanayezetse zinthu zina.

Ndikufunseni: kodi munakulira kunyanja, kapena munkachapa ndi kusamba m'mitsinje ndi m'madambo? Ngati ndi choncho, pemphani kuti akuyezeni likodzo. Ine ndinavutika ndi kukodzakodza ndi kupweteka kwa pachinena kwa nthawi yaitali, ndikumapatsidwa mankhwala a matenda a m'njira ya mkodzo osasintha kanthu, mpaka nditatchula ndekha kuti ndinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Tizilombo ta likodzo timatha kukhala m'thupi zaka zambiri, ndipo mazira ake amatupitsa khoma la chikhodzodzo ngakhale magazi asakuoneka ndi maso. Kapepala kamene amaviika mumkodzo kukiliniki sikaonetsa mazirawo. Pamafunika kuti mkodzo upite ku labotale, ndipo wabwino ndi wotengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Ogwira ntchito zachipatala kuno ku Gauteng sangaliganizire msanga ngati simunawauze kumene mukuchokera. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu kumudzi.

Yezetsaninso shuga. Matenda a shuga amabweretsa ludzu, kukodza kwambiri, ndipo akakhalitsa amawononga mitsempha moti mapazi amawotcha kapena kuchita dzanzi. Ngati mumamwa mankhwala a BP, funsani ngati muli hydrochlorothiazide, chifukwa ntchito yake ndi kutulutsa madzi m'thupi ndipo ayenera kumwedwa m'mawa. Ndipo popanda kukuchititsani manyazi, kachilombo ka HIV nakonso kamagwira mitsempha, monganso mankhwala a TB otchedwa isoniazid akamwedwa popanda vitamini B6. Zonsezi zimayezedwa kukiliniki yaboma.

Nangozo, Cosmo City

Achemwali, ine fibromyalgia ndili nayo, ndipo khungu lopwetekalo ndimalidziwa bwino, makamaka mu June ndi July pamene chisanu cha kuno chimauma n'kumang'amba khungu. Ndikuuzeni zimene zimandithandiza ine, podziwa kuti matupi amasiyana.

Zovala zamkati ndimavala zathonje ndipo ndimazitembenuza kuti msoko ukhale kunja. Timapepala ta kukhosi ndimadula tonse. Masiketi a lasitiki ndinawasiya, ndimavala diresi yotakasuka, ndipo panyumba chitenje chakale chimene chinafewa ndi kuchapa ndimachimanga pachifuwa osati m'chiuno. Pogona ndimayamba ndafunda nsalu yosalala, bulangeti n'kubwera pamwamba, kuti ubweya wake usakhudze thupi. Madzi osamba akhale ofunda, osati otentha, ndipo ndikatha ndimadzipukuta mongogunditsa thaulo osakhula, kenako n'kudzola mafuta opanda fungo. Mankhwala opaka otentha aja a menthol ena amawayamikira, koma ine anandiwonjezera moto, choncho yesani kaye pamalo pang'ono.

Chinthu chimene sindinkachiyembekezera n'chakuti kukhudza kopepuka ndi kumene kumapweteka kwambiri, pamene kugwira kolimba ndi dzanja lonse ndimakupirira. Mwina ndi mmenenso zilili kwa inu. Mwana wanuyo mukhale naye pansi, mumuuze kuti ndi matenda osati mkwiyo, ndipo mumuonetse pamene angakugwireni ndi mmene angakugwirireni. Wanga ndinamuphunzitsa kundigwira chikhatho mwamphamvu, ndipo anasiya kuchita mantha. A fiziyo, achipatala amene amathandiza odwala pogwiritsa ntchito masewera olimbitsa thupi, anandiphunzitsanso kuzoloweza khungu: kusisita pamalo opwetekawo ndi nsalu yofewa kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, kenako patapita masabata kusinthira ku nsalu yokhakhala pang'ono. Kubisa khungu kuti lisakhudzidwe konse kumalipangitsa kumva kwambiri.

Za chikhodzodzo, lembani kwa masiku atatu nthawi imene mwamwa, chimene mwamwa, ndi nthawi imene mwakodza, n'kupita nacho chikalatacho kwa adokotala. Munthu wamkulu amakodza pafupifupi kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu pa tsiku, ndiye zolembazo zimaonetsa poyera pamene inu muli. Kenako mungayambe kuphunzitsa chikhodzodzo: chilakolako chikabwera, khalani pansi, pumani mozama, dikirani mphindi zisanu, ndipo sabata ndi sabata muziwonjezera mpaka mphindi 15 kapena kuposerapo. Ine adokotala anandipatsanso amitriptyline wochepa mphamvu womwa usiku, amene amathandiza ululu wa mitsempha, tulo ndi chikhodzodzo pamodzi. Amaumitsa kukamwa ndipo masiku oyamba m'mawa mumadzuka mutu uli wolemera, komanso phindu lake limaoneka patapita masabata angapo. Musabwereke kwa mnzanu, chifukwa sagwirizana ndi matenda ena a mtima.

M'takisi ndimayesetsa kukhala kutsogolo kapena pawindo, chikwama chili pakati pa ine ndi mnzanga.

Nachisale, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse, mwandilimbitsa mtima. Bambo a ku Monkey Bay, ndinakulira ku Salima ndipo tinkachapa kunyanja, koma palibe anandifunsapo zimenezi. Shuga sindikumbukira ngati anandiyeza. Mayi a Chikondi, kodi ndikapemphe chiyani kwenikweni, popeza nthawi yolankhula ndi anamwino imakhala yochepa?

Mayi a Chikondi, Berea

Lembani papepala musanapite, m'Chingerezi chosavuta, kuti musaiwale mukalowa. Muwauze kuti munakulira kunyanja ndipo mukupempha kuyezedwa bilharzia, pakuti ndilo dzina limene amalidziwa kuno. Mupemphe kuyezedwa shuga ndi impso, ndipo munene mosabisa kuchuluka kwa Grand-Pa amene mumamwa pa sabata. Tengani mankhwala onse amene muli nawo m'mapaketi ake, pamodzi ndi zolemba za masiku atatu zimene anena a Nangozo. Zotsatira zikatuluka zabwino koma vuto likupitirira, pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu. Ku chipatala cha Helen Joseph kuli gawo loona za ululu wokhalitsa, ndipo a fiziyo odziwa za minofu ya m'chiuno angakuthandizeni kuimasula, chifukwa pa chikhodzodzo chopweteka masewera ofinya minofu imene imagwira mkodzo nthawi zina amawonjezera ululu.

Pali zina zosafunika kudikira tsiku la kukiliniki. Mukaona magazi mumkodzo, mukatentha thupi ndi kupweteka m'mbali mwa msana, mkodzo ukakanika kutuluka, miyendo ikafooka kapena pakati pa miyendo pakachita dzanzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso pakatuluka matuza mbali imodzi ya thupi pamene pamawotchapo, chifukwa amenewo angakhale mashingozi, ndipo mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa m'masiku atatu oyambirira.