Khitchini ya U: nditani kuti madirowa apakona asamagundane?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanapereke oda ya makabati. Khitchini ndi ya 270 cm m'lifupi ndi 300 cm m'litali, zenera lili pakhoma lakumapeto. Ndikufuna makabati azungulire makoma atatu: sinki ya 80 cm pansi pa zenera, makina otsukira mbale a 60 cm kumanja kwake, uvuni kukhoma lakumanja, furiji kumanzere. Pamakona awiriwo ndisiye mpata wotani? Nanga malo a mkati mwa konamo ndiwagwiritse ntchito bwanji?

Kalipentala:
Bwana, yambani ndi khoma lakumapetolo. Makabati apansi amatuluka 60 cm kuchoka kukhoma, ndiye mbali ziwiri zadya 120, kwatsala 150. Poyenda ndi pokwanira, pamafunika osachepera 120. Koma 150 yonseyo si yanu. Pakona iliyonse pamalowa filler, kathabwa ka 5 cm, mbali zonse ziwiri za konayo. Popanda kameneka dirowa ikamatuluka imamenya chogwirira cha kabati yambali inayo, poti zogwirira zimatuluka 3 kapena 4 cm. Chotsani 10, mwatsala ndi 140: sinki 80, makina 60. Zakwana ndendende, koma papepala pokha.

Woyika matailosi:
Kodi 270 imeneyo munayeza pulasitala ndi matailosi zitatha? Yezani pansi, yezaninso pa 90 cm pomwe thabwa lapamwamba lidzadutse, kenako m'mwamba, mutenge nambala yaing'ono kwambiri. Konayo muionenso ngati ili sikweya: lembani 60 cm pakhoma limodzi, 80 cm pa linzake, pakati pa madontho awiriwo pakhale 100 cm. Pakachepera, makoma akupanikizana chakutsogolo ndipo filler iyenera kukula.

Wojambula mapulani:
Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi uvuni. Chogwirira chake chimatha kutuluka 6 kapena 7 cm, ndiye filler ya 5 cm siikwana. Chitseko cha makina chikamatsika chidzakodwa pachogwiriracho. Chitsekocho chikagona chimatenga 60 mpaka 70 cm kutsogolo kwa makabati akumanja, choncho uvuni uyambire kupitirira pamenepo. Madirowa a mbale ndi masipuni asakhalenso m'chigawo chimenecho, apo ayi muzitseka makina kaye kuti mupakire mbale zomwe mwachotsa m'makina omwewo.

Wofunsa:
Ndayezanso, achimwene. Pa 90 cm pakutuluka 267. Ndichepetse filler ifike 3 cm?

Kalipentala:
Ayi ndithu, filler musaichepetse. Chepetsani kabati ya sinki ifike 60 cm, ya beseni limodzi, kapena gulani makina a 45 cm. Pa mpata wotsalawo, wina upite ku filler yakumanja ifike 8 cm.

Za mkati mwa kona: kabati ya L ya mashelefu ozungulira imafuna 90 kwa 90 cm, kutanthauza kuti idyanso 30 cm pakhoma lakumapeto, zomwe mulibe. Kumanzere ikani blind corner (kabati yomwe mbali yake ina imabisika mkati mwa kona) yotsegukira mbali ya furiji, kabati ya 100 mpaka 110 cm, chitseko cha 45 kapena 50 cm. Chitseko chikachepera 45, mashelefu ochita kukoka aja nthawi zambiri salowa, ndipo poto wamkulu amakakamira pakhomo. Mapaipi a sinki asadutse m'menemo.

Wojambula mapulani:
Kona yakumanja ine ndingangoitseka, isakhale kabati n'komwe. Anthu amamva chisoni ndi malowo, koma chitseko chake chizikhala chotchingidwa makina akatseguka.

Woyika matailosi:
Pamenepo ndikukana pang'ono, mayi. Makina sakhala otsegula tsiku lonse. Mapoto ogwiritsa ntchito mwa apo ndi apo angakhalemo bwinobwino.

Kalipentala:
Zonse zitheka. Furiji ikhale kumapeto kwa mzere, chifukwa imatuluka kuposa makabati. Ngati mahinjesi ake ali mbali yakhoma, siyani 10 cm, apo ayi chitseko chiziima msanga ndipo mabokosi amkati sadzatuluka. Makabati am'mwamba nawonso amafuna filler pakona. Musanadule bolodi, jambulani zonse pansi ndi choko, kuphatikizapo chitseko chilichonse chili chotsegula, muone pomwe mizere ikudutsana.