Banja la amishonale lathawa chivomerezi cha ku Karonga: tilithandize motani?

Mayi wa ku Chibavi:

Abale ndi alongo, ndabwera kudzapempha nzeru. Mng'ono wanga ndi amuna ake anatumidwa ndi mpingo zaka zinayi zapitazo kuti akayambitse ntchito ya Mulungu m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ku Karonga. Chivomerezi cha pa 6 Disembala 2009 chinangosiya ming'alu m'chipinda cha ana, koma chija chinadza pakati pa usiku, kucha kwa pa 20 Disembala, chinagwetsa khoma la nyumba yawo ndi mbali imodzi ya tchalitchi chimene anamanga pamodzi ndi akhristu. Atagona panja masiku angapo mvula ili mkati, alamu anga anakweza mkazi wawo ndi ana atatu basi ya ku Mzuzu, iwo n'kutsala.

Tsopano ali kwathu, koma mitima yawo sinafike. Mwana wamng'ono, wa zaka zisanu, amathamangira panja lole ikangodutsa pamsewu, ndipo wayambanso kukodza pogona. Mng'ono wanga amagona atavala, chitseko chosakhoma, ndipo amadziimba mlandu kuti anathawa nkhosa pa nthawi ya mavuto. Kodi tiwalimbikitse kubwerera msanga, kapena tiumirize alamu anga kuti nawonso abwere kuno?

Agogo a ku Zolozolo:

Mwana wanga, ine ndinali mphunzitsi ku Salima pamene chivomerezi cha pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu asanu ndi anayi ndi kusiya anthu zikwi zambiri opanda pogona. Nachonso chinadza usiku. Ndikukuuzani zoona kuti panatha miyezi yambiri ndisanayambe kugona tulo tenitweni m'nyumba, ngakhale kuti yanga sinagwe.

Mwanayo musamukalipire chifukwa chonyowetsa mphasa, ndiponso musamunamize kuti nthaka sidzagwedezekanso, pakuti tsiku limene idzanjenjemere pang'ono adzasiya kukukhulupirirani. Muuzeni zimene banja lidzachite zikadzachitikanso, muyesere naye masana ngati masewera, ndipo mumulole kugona pafupi ndi amayi ake mpaka mantha atazirala. Ana amachira msanga akamadya, kusamba ndi kugona pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse.

Mmisiri wa ku Luwinga:

Mayi, ndiyankhe mbali ya nyumba, chifukwa funso lobwerera lagona pamenepo. Karonga ali m'chigwa chachikulu chimene muli nyanja yathu, momwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono kuchokera ku Ethiopia mpaka ku Mozambique, choncho zivomerezi sizidzatheratu kumeneko. Chachikulu chikadutsa, ting'onoting'ono timatsatira kwa milungu kapena miyezi, ndipo khoma limene lang'aluka kale likhoza kugwa ndi kakang'ono komwe. Inu mwaona nokha kuti cha pa 20 Disembala, chimene mphamvu yake inafika 6.0, chinamaliza nyumba zimene zinafooka ndi zoyamba zija. Dothi la kunyanja nalonso ndi lamchenga ndi lonyowa, ndipo limagwedezeka kwambiri kuposa la kumtunda.

Alamu anu asamate ming'alu ndi simenti n'kulowamonso. Nyumba zambiri zimene zinagwa ndi za njerwa zomangira matope, zopanda ring beam yomanga makoma onse pamodzi, ndipo chimene chimapweteka anthu kawirikawiri ndi khoma la gebulo, lija lalitali losongoka lopanda chogwirizira. Mpingo ukafuna kumanganso, usaumire pa simenti ndi zitsulo za ring beam, ngakhale zitatanthauza kuti nyumba ichepe. Pakadali pano tenti kapena chisakasa cha mitengo ndi udzu n'chabwino kuposa nyumba yong'aluka, bola akhale ndi neti, popeza udzudzu wa ku Karonga m'dzinja ndi woopsa.

Mayi busa, Katoto:

Ine chandikhudza ndi mawu akuti anathawa nkhosa. Mayi busa amalandira misozi ya aliyense, koma yake imasowa woilandira, ndipo akhristu ena amayembekezera kuti banja la mtumiki lisaonetse mantha. Kuteteza ana atatu si kuchepa chikhulupiriro; Yosefe yemwe anadzuka usiku n'kutenga mwana ndi amake kupita ku Ejipito. Amene anatuma banjali ndiwo ayenera kunena poyera kuti mng'ono wanu wapatsidwa nthawi yopuma, kuti mtolo wosankha usakhale pamutu pake. Abusawo asaumirizidwe kuchoka ngati mtima wawo uli ndi anthu awo, koma atsogoleri atumize wina wokawalandirako sabata imodzi kapena ziwiri, abwere adzaone ana awo. Ngati mng'ono wanu apitiriza kusowa tulo kapena kukana chakudya, mupite naye kuchipatala osachita manyazi.

Mayi wa ku Chibavi:

Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera alamu anga pa foni zimene alemba bambo a ku Luwinga, ndipo avomera kutulutsa katundu wotsala m'nyumbamo mawa m'mawa. Lamulungu likudzali ndikaonana ndi akulu a mpingo za munthu wokawalandira. Mayi busa, ngati n'kotheka, mng'ono wanga akufuna kudzacheza nanu Lachinayi mukaweruka ku mapemphero a amayi.