Alamu ya poizoni yalira m'sitima yankhondo: kaputeni atsegule liti?

Mlangizi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonza phunziro la nkhondo ya ku Gulf ya 1990 ndi 1991, imene America, Britain ndi anzawo analimbana ndi Iraq, mbali ya sitima zapamadzi. Pandivuta ndi apa: alamu yochenjeza za poizoni wa adani yalira, sitima yatseka mpweya wochokera kunja, aliyense wavala masiki ndi suti. Patha ola, ena ayamba kukomoka ndi kutentha, koma poizoniyo palibe wamuona. Kaputeni atsegule liti, ndipo atsamire umboni uti?

Wazida: Bwana, poyamba musawaphunzitse kuti alamu ndi umboni. Alamu ya M8A1 imene asilikali a America anali nayo m'chipululu inkalira ndi utsi wa dizilo, fumbi, ngakhale batire ikangofooka. Komanso inkamva poizoni wa m'mitsempha yekha, wotulutsa matuza pakhungu, wotchedwa mustard, ayi. Pa sitima zoinamiza zimachuluka: mafuta a ndege, penti, utsi wa injini.

Ndiye ikalira, masiki ikhale kumaso pasanathe masekondi 9, osafunsa. Kutsimikiza kumabwera pambuyo, ndi chida china. Kiti ya M256A1 imayesa mpweya, koma imadya mphindi 15 mpaka 20, ndipo oithamangitsa amapeza yankho labodza. Ngati pali madontho pa chitsulo, khudzitsani pepala loyesera la M8: chikasu ndi poizoni wa m'mitsempha wa gulu la G, kubiriwira kodera ndi wa m'mitsempha wa gulu la V, kufiira ndi wa matuza. Mafuta ena nawonso amasintha pepalali, choncho dontho limodzi lisakutsekereni sitima tsiku lonse.

Injiniya: Ndionjezere za sitimayo, chifukwa mawu oti "yatseka" akubisa zambiri. Za Britain zinali ndi citadel: zipinda zamkati zotsekedwa, mafani akukankhiramo mpweya wodutsa m'masefa kuti mkati muthine kuposa kunja. Pakakhala kampata, mpweya umatuluka, sulowa. M'menemo munthu akhoza kugwira ntchito osavala masiki. Zambiri za America nthawi imeneyo zinalibe dongosololi sitima yonse. USS Arleigh Burke, imene inamangidwa nalo kuchokera pachiyambi, inayamba ntchito mu July 1991 nkhondo itatha. Zinazo zinkadalira Circle William, kutanthauza kuzimitsa mafani ndi kutseka polowera mpweya. Kutentha mukunenako gwero lake ndi limeneli, makamaka kuchipinda cha injini.

Cholakwika chofala ndi cha pakhomo lolowera mu citadel, lomwe lili ndi zitseko ziwiri zotsatizana. Munthu wochokera panja amatsegula chitseko chachiwiri choyamba chisanatsekeke, mphamvu ya mpweya n'kugwa. Zitseko ziwirizo zisamatseguke pamodzi, ndipo pakhale woyang'ana geji ya mphamvu ya mpweya.

China ndi madzi. Mipopi yopemerera madzi a m'nyanja pa sitima yonse imayatsidwa poizoni asanagwe, kuti apeze chitsulo chili chonyowa, asalowerere mu penti. Kuyatsa pambuyo kumathandiza, koma pang'ono. Timabowo take timatsekeka ndi mchere ndi mchenga, ndiye muziyesa kawirikawiri. Helikopita ilowe m'shedi kaye, mchere umadya.

Dokotala: Achimwene a Mlangizi, mwaika mwezi uti m'phunzirolo? Mu August ndi September 1990 kutentha kunkapitirira madigiri 40. Koma kumenyana kunayamba pa 17 January 1991, nyengo yozizira, mvula ikugwa apo ndi apo. Mukasakaniza, ophunzira ochenjera akugwirani.

Sutiyo ili ndi makala mkati ndipo thukuta siliuma. Musaveke aliyense zonse nthawi imodzi. Kumtunda masitepe a kavalidwe kodzitetezera, otchedwa MOPP, anali otere: 1 suti, 2 kuonjezera nsapato, 3 masiki, 4 magolovesi. Ali panja ndi amene afike pa 4, ndipo azisinthana. Madzi azimwa pang'onopang'ono kudzera pa kapaipi ka masiki, osadikira ludzu, koma asapitirire lita imodzi ndi theka pa ola, mchere ungachepe m'magazi. Choopsa kwambiri n'chakuti wina wakomoka ndi kutentha, anzake n'kumubaya atropine, mankhwala othana ndi poizoni wa m'mitsempha, poganiza kuti ndi poizoni. Atropine amaletsa thukuta, mwamuonjezera moto. Yang'anani maso: poizoni wa m'mitsempha amachepetsa kamwanadiso kukhala ngati kansonga ka singano, dovu ndi mamina zili chuchuchu, minofu ikunjenjemera.

Mlangizi: Zikomo adokotala, mwezi ndikonza. Nanga kuvula kwenikweniko?

Wazida: M256A1 ikanena kuti kulibe, sankhani mmodzi kapena awiri. Avule mphindi 5 pamthunzi, avalenso, muwayang'ane mphindi 10. Pamthunzi chifukwa dzuwa nalo limachepetsa kamwanadiso, mungasokonezeke. Akakhala bwino, ena onse avule. Mafani atsegulidwe chigawo chimodzi chimodzi, mukuyesa polowera mpweya.

Za masikiyo: a Britain anali ndi S10, apamadzi a America MCU-2/P. Zonse zimagonja ndi zinthu zing'onozing'ono. Kamchenga kamodzi pa valavu yotulutsira mpweya, siitsekanso. Ndevu, raba sigwira khungu. Sefa ikanyowa kupuma kumalimba, sinthani.

Injiniya: Muikemonso ichi, bwana. Iraq inagwiritsa ntchito poizoni pa Iran ndi ku Halabja, tauni ya Akurdi ya mu Iraq momwemo, mu 1988, n'chifukwa chake aliyense ankaopa, koma chimene chinavulaza sitima mu 1991 ndi mabomba otchera m'madzi. Pa 18 February sitima za America za USS Tripoli ndi USS Princeton zonse zinaphulikiridwa tsiku limodzi. Sitima yotere ikayaka mkati, masiki ya poizoni ilibe ntchito: sipereka okosijeni, ndipo carbon monoxide, mpweya wakupha wa mu utsi, amadutsa m'sefa yake. Ozimitsa moto avale zida zopumira zokhala ndi mpweya wakewake. Apatseni funso limenelo pa mayeso: alamu ikulira, pansi pakufuka utsi, avala chiyani?

Mlangizi: Ndalilemba. Likhala loyamba.