Marlin ya .30-30 yokhala ndi sikopu, ndigule?

Che_Namwera: Akuluakulu, mkulu wina wa kuesiteti akugulitsa mfuti ya Marlin 336 yoomba zipolopolo za .30-30, ija yokoka liva pansi, sikopu (galasi loonera patali pochalira) ili pomwepo. Akuti K2.5 miliyoni. Nguluwe zandithera chinangwa. Tinakaiyesa pa mayadi 100: zipolopolo za 150 grain (muyeso wa kulemera kwake) zinagwera pamodzi, malo osaposa chikhatho, koma za 170 zinatsika n'kumwazikana. Vuto ndi mfuti kapena sikopu?

Wa_pa_Boma: K2.5 miliyoni kuti muphe nguluwe? Chinangwa chake n'chagolide?

Mlenje_Katuli: Palibe chawonongeka, achimwene. Sikopu imatchunidwa pa mtundu umodzi wa zipolopolo, mukasintha kulemera mutchunenso. Komanso mfuti zimenezi mpope wake umamangidwa limodzi ndi chubu cha zipolopolo, ndiye ukatentha zimayamba kuyendayenda. Ombani zitatu, mudikire uzizire. Ndipo musaikemo zansonga zolimba, chifukwa m'chubumo nsonga ya china imagunda kumbuyo kwa chinzake. Marlin ubwino wake imataya zigoba cham'mbali, sikopu imakhala pamwamba bwinobwino. Winchester 94 zakale, za 1982 isanafike, zimatayira m'mwamba.

Malindi_Boy: Inetu za masikopu musandiuze. Wina anandigulitsa yoti yachokera ku Joni, K180,000, kungoomba kamodzi kamtanda kam'kati kanapendama. Kumuimbira foni akuti "ndili pamaliro", mpaka lero malirowo sanathe.

Bwana_Koko: Mumagula zapamsewu n'chifukwa chake. Yanga ndi Leupold, pa mayadi 300 ndimaboola chitsekerero cha Fanta.

Mlenje_Katuli: Ndi .30-30? Madala, kupitirira mayadi 200 chipolopolocho chimakhala chayamba kale kufunafuna pansi.

Bwana_Koko: Zimatengera munthu wake.

Wa_pa_Boma: Chitsekererocho mwina ndi cha diramu 😂

Mayi_aShakira: Bambo, gulani chifefe. Nguluwe imabwera usiku pafupi pomwepa, sikopu muoneramo chiyani mumdima? Malume anga anagula chifefe K600,000 basi. Kapena agalu awiri ndi mnyamata wogona kudindiro.

Malindi_Boy: K600,000 chaka chiti, mayi? Panopa sichingatsike miliyoni.

Ankolo_Malombe: Nonse mukukamba mitengo, za chiphaso ndani wanena? Mfuti sagulitsana ngati njinga, zimadzera kupolisi, ndipo kupha nyama kumafunanso chilolezo cha a zanyama zakutchire. Kwanuko nkhalango ya Mangochi ili m'manja mwa bungwe loteteza nyama la African Parks kuyambira 2018, lomwe likuyang'aniranso Liwonde. Mukaponda molakwika ndi mfuti paphewa, chinangwacho adzakolola ndi ena.

Che_Namwera: Zapolisizo ndikuzidziwa, ankolo. Ine ndafunsa za kumwazikana kwa zipolopolo.

Mlenje_Katuli: Mufunseni mwiniwakeyo kuti za 150 zatsala mabokosi angati, ndipo zikatha muzikagula kuti. Za .30-30 kuno sizipezeka wamba.

Bwana_Koko: Mukaisiya mundipatse nambala yake, ine ndimupatsa K2 miliyoni kashi.

Wa_pa_Boma: Muyambe mwabweza K20,000 yanga ija, bwana.