Zotsatira za funso langa lokhudza kupita ndi ophunzira ku chikondwerero cha mabuku

Masabata atatu apitawo ndinafunsa mmene ndingakonzekeretsere ophunzira anga a Fomu 3 kuti akapindule pa chikondwerero cha mabuku ndi luso kuno ku Zomba, popeza ndinkaopa kuti akangokhala duu chifukwa zokambirana zambiri zimachitika m'Chingerezi. Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha, makamaka mayi aja amene anati ana asapite chimanjamanja, koma aliyense alemberetu funso limodzi papepala.

Malangizo amenewa ndinawatsatira, ndipo ndinapemphanso okonza mwambowo kuti alole mafunso m'Chichewa, iwo n'kuvomera mosavuta. Maganizo oti tikakhale nawo pa zokambirana zonse sindinawatenge, tinangosankha ziwiri.

Chimene chinandikhudza mtima ndi mtsikana wina amene salankhulalankhula m'kalasi. Iye anaimirira n'kufunsa mlakatuli wina chifukwa chimene amalembera m'Chingerezi pamene agogo ake, omwe ndiwo eni nthano ndi miyambi, sangamve zolembazo. Funsoli linautsa mtsutso wautali, mpaka bambo wina wachikulire anakumbutsa anthu za gulu la Writers' Workshop lomwe linayamba ku Chancellor College mu 1970, mmene alembi achinyamata ankawerengerana zolemba zawo ndi kuwongolerana poyera. Ophunzira anga tsopano ayamba kuchita zomwezo Lachisanu lililonse masana.

Kwa aphunzitsi anzanga, mufike msanga kuti ana akakhale kutsogolo, chifukwa okhala kumbuyo samva bwino. Musonkherenetu ndalama, pakuti mabuku ndi okwera mtengo. Ife tinangokwanitsa kugula awiri a laibulale ya sukulu.